Sikelo itachoka, Akambuku adaonda

Mukafika pa Golomoti Loweruka masana n'kufunsa anyamata a kabaza timu yomwe amachemerera, mayankho ake ngodziwikiratu. Ambiri ndi Maule, ena ndi Manoma, apo ndi apo mupezapo wa Silver Strikers. Otsalawo akuuzani za Arsenal, Chelsea kapena Manchester United mwachidaliro ngati kumeneko n'kwa amalume awo. Koma tangoyesani kutchula dzina loti ADMARC Tigers. Angokuyang'anani, mwina wina n'kufunsa ngati mukunena za kumsika wa chimanga.

Palibe chowadzudzulira anyamatawa. Ambiri a iwo adali asanabadwe m'chaka cha 1989 pomwe timuyi idatenga ukatswiri wa ligi yaikulu ya dziko lino, Bata Bullets ndi Limbe Leaf Wanderers zikuonerera. Kuchokera apo dzina la ADMARC lidafufutika pa jezi, mayina ena adabwera n'kupita, ndipo timu yomwe inkanjenjemeretsa anzake idasanduka yongopempherera kuti nkhwangwa ya ligi isaigwere chaka chikamatha.

Komatu ngati pali anthu oyenera kuikumbuka timuyi, ndi alimi a kunsi kwa mapiri a Dedza, kuyambira ku Mtakataka, Mua, Golomoti mpaka m'chigwa cha Bwanje. Timuyo inali ya ku Kanjedza mumzinda wa Blantyre, inde, ndipo ambiri mwa alimiwa sadaionepo ndi maso. Koma jezi, nsapato ndi maulendo a anyamata a Kau Kau zinkachokera m'thumba lomwe linkadzadza ndi thonje, mtedza ndi chimanga cha anthu ngati iwowa.

Masiku a sikelo imodzi

Bungwe la ADMARC lidakhazikitsidwa mu 1971 kulowa m'malo mwa Farmers Marketing Board. Kwa mlimi wamng'ono, bungweli lidali chilichonse. Ndilo linkagulitsa mbewu ndi feteleza, ndilo linkagula zokolola, ndiponso ndilo linkagulitsa chimanga njala ikavuta. Mtengo unkalengezedwa ndi boma ndipo udali umodzi dziko lonse. Mlimi wa thonje wa ku Golomoti sankakhala ndi mutu woti chaka chino akagulitsa kwa yani. Sikelo idali imodzi, kalaliki adali mmodzi.

Dera lino ndi lotentha, ndipo thonje limachita bwino. Akuluakulu amakumbukirabe mizere ya ngolo ndi mitolo yoyera pamisika ya bungweli nyengo yokolola ikafika, thonje likusankhidwa magiredi, lina n'kubwezedwa kuti lada. Kuchoka apo linkapita kokachotsa njere, lina n'kukathera kufakitale ya nsalu ya David Whitehead and Sons ku Blantyre. Njanji yochokera ku Balaka kupita ku Salima imadutsa momwemu, ndipo masiku amenewo sitima idali mbali ya moyo wa tsiku ndi tsiku.

Chomwe sichinkanenedwa mokweza nthawi ya chipani chimodzi n'chakuti mtengo womwe mlimi ankalandira udali wotsika poyerekeza ndi womwe bungweli linkapeza likagulitsa mbewuzo kunja. Akatswiri a zachuma adalemba zambiri za nkhaniyi. Phindu lotsalalo linkalowa m'maesiteti a fodya ndi m'makampani osiyanasiyana, kuphatikizapo a Press Holdings ya Dr Kamuzu Banda. Pa ndalama zochuluka chotero, kusunga timu ya mpira kudali ngati kutaya madeya kwa nkhuku.

Umu ndi momwe mpira wa m'dziko muno unkayendera. Matimu ambiri odziwika adali ndi kampani kumbuyo kwawo, ndipo dzina la kampaniyo ndilo linkayamba. Bullets idali ya nsapato za Bata. Wanderers idatchedwapo Yamaha, kenaka Limbe Leaf. Kudali Hardware Stars, Berec Power Pack, MDC United, Sucoma ya kumizimbe ku Nchalo ndi Dwasco ya ku Dwangwa. Wosewera waluso sankasainira mamiliyoni ngati lero. Ankapatsidwa ntchito pakampanipo, kaya ya ukalaliki kaya ya kusitolo, malipiro n'kumabwera mwezi ndi mwezi, masana n'kumamasulidwa kuti akachite zokonzekera. Mpira ukatha m'miyendo, ntchito ija inkatsala.

Kwa mnyamata wochokera kumudzi, bungwe lokhala ndi misika m'boma lililonse lidali malo abwino kugwirako ntchito kuposa ambiri. N'chifukwa chake Tigers sinkavutika kukopa osewera. Bungweli lidalinso ndi timu ya mpira wamanja ya Tigresses, yomwe kwa zaka zambiri yakhala m'gulu la matimu opatsa osewera ku timu ya dziko lino ya Queens.

Nanga anthu a ku Mtakataka ankaudziwa bwanji mpirawu? Kanema kudalibe, poti Television Malawi idayamba mu 1999. Kudali wailesi imodzi yokha ya MBC, ndipo mwini kawailesi ka Nzeru ankasanduka mfumu Loweruka ndi Lamulungu masana. Mabatire ankayanikidwa padzuwa kuti afike mphindi 90. Mawu a owulutsa mpira ngati Steve Liwewe Banda ndiwo adali maso a mudzi wonse. Munthu ankatha kufotokoza chigoli chomwe sadachione, manja ndi miyendo zikugwira ntchito, omvera n'kukhutira.

Pamawailesi amenewo, dzina la ADMARC Tigers linkamveka mosiyana ndi ena. Bata idali nsapato yomwe ambiri ankangoiona pasitolo. ADMARC idali pomwepo, kuseri kwa msika, ndi sikelo yake.

Chaka cha 1983 ndicho chidaonetsa kuti Akambukuwa sadali amasewera. Timuyi idafika mundime yotsiriza ya mpikisano wa matimu a m'maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa, wa CECAFA, komwe idagonja 2-1 kwa AFC Leopards ya ku Kenya. Leopards imeneyo sidali timu wamba. Idatenga chikhochi zaka zitatu zotsatizana, 1982, 1983 ndi 1984. Pachichewa tingoti adakumana akambuku okhaokha, poti chilankhulo chathu sichilekanitsa kambuku wa mawanga wa kuno ndi wa mizeremizere wa ku India uja.

Zidali zaka zabwino pa mpira wa dziko lino. Flames idatenga chikho cha CECAFA mu 1978, 1979 ndi 1988, idapita koyamba kumpikisano wa African Cup of Nations ku Ivory Coast mu 1984, ndipo idabwera ndi mendulo ya nambala 3 kumasewero a All Africa Games ku Nairobi mu 1987. Matimu a makampani aja ndiwo ankasula osewera amenewa. Tigers nayo idalawako chikho cha Kamuzu, chomwe masiku amenewo chidali ulemu waukulu kuposa zikho zonse.

Ligi ya dziko lonse ya Super League itayamba mu 1986, zaka zisanu zoyambirira zidatulutsa akatswiri asanu osiyana. Bata Bullets idayamba, CIVO United idatenga mu 1987, MDC United mu 1988, ADMARC Tigers mu 1989, ndipo Limbe Leaf Wanderers mu 1990. Achinyamata omwe adakula akuona chikho chikungozungulira pakati pa Bullets, Silver ndi Wanderers angadabwe kumva izi. Onaninso kuti matimu atatu apakatiwo onse adali odya m'mbale ya boma.

Chiswe chidali chitalowa kale

Chodabwitsa n'chakuti pomwe anyamata a Kau Kau ankanyamula chikho mu 1989, mtengo womwe adakhalapo udali utayamba kale kudyedwa ndi chiswe. Mu 1987 boma, mokakamizidwa ndi World Bank ndi IMF, lidalola amalonda wamba kugula mbewu zambiri kwa alimi ang'onoang'ono. Misika ina ya ADMARC ya kumidzi, yomwe ati sinkapindula, idatsekedwa. Nkhondo ya ku Mozambique idali itatseka njira za ku Beira ndi Nacala, katundu n'kumazungulira mtunda wautali, ndipo bungweli lidayamba kulowa m'ngongole.

Zotsatira zake zidabwera pang'onopang'ono. Mu 1994 ndalama ya kwacha idasiyidwa kuti izidziyendera yokha pamsika ndipo idagwa mphamvu. Mu 1996 kudabwera lamulo logulitsa makampani a boma. Pamisika ya kumidzi padadzadza mavenda ndi masikelo awo opachika pamtengo, ena oona ena akuba. Njala ya 2001 mpaka 2002 idapeza nkhokwe za dziko zili pululu, anthu n'kumagona pamizere m'madepoti kudikira chimanga chomwe sichinkabwera. Mu December 2003 aphungu a Nyumba ya Malamulo adathetsa lamulo lomwe lidakhazikitsa ADMARC, bungweli n'kusanduka kampani yoti izidzipezera yokha phindu.

Kampani yomwe ikulephera kugula chimanga singaike mpira patsogolo. M'zaka za m'ma 2000 momwemo ukwati wa ADMARC ndi Tigers udatha. Timu idatsala ndi dzina lachiwiri lokha, ngati mwana amene bambo ake amukana.

Apa mpomwe padaonekera vuto lenileni. Pazaka zonse za ulemerero zija, timuyi sidakhale ndi chake. Ntchito za osewera zidali za kampani. Galimoto zidali za kampani. Malo ochitira zokonzekera adali a kampani. Ngakhale ochemerera ambiri adali ogwira ntchito pakampanipo ndi mabanja awo, ndipo ntchito zitayamba kutha nawonso adabalalika, wina ku Mzimba wina ku Nsanje. Bullets ili ndi Ndirande, Wanderers ili ndi anthu ake a pa Lali Lubani, ndipo onsewa ali ndi nthambi za masapota mpaka kumidzi. Tigers idalibe mudzi woilira maliro.

Anzake a m'badwo umodzi sadapulumuke n'komwe. Dzina la MDC United lidatha pomwe bungwe la Malawi Development Corporation linkathetsedwa. Hardware Stars ndi Berec Power Pack zidatsala m'nkhani za madala. Chitsanzo chowawa kwambiri ndi ESCOM United, yomwe idatenga ligi mu 2007 n'kubwerezanso m'chaka cha mpira cha 2010/11, koma patangopita zaka zochepa idali itazimiririka mu ligi yaikulu. Timu yotenga ligi kawiri pazaka zinayi, lero mwana wa Sitandade 8 sakuidziwa.

Si kuno kokha. Ku Zambia, Mufulira Wanderers, timu yomwe idalera Kalusha Bwalya ndipo idatenga ligi ya dzikolo kasanu n'kanayi, idalowa pansi migodi ya ZCCM itagulitsidwa cha m'ma 2000, mpaka idatuluka mu ligi yaikulu. Ku Zimbabwe, komwe ana ndi zidzukulu za Amalawi opita kumigodi adadzadza m'matimu a m'makomboni, timu ya Mhangura idafa pamodzi ndi mgodi wake wa kopa. Nkhani yake ndi imodzimodzi: mwini thumba akatseka, mpira umaphwa.

Omwe adapirira mkuntho ndi matimu omwe mwini wake sangagulitsidwe. Asilikali ali ndi Moyale, Red Lions, Mafco ya ku Salima kuno ndi Kamuzu Barracks yomwe idatenga ligi mu 2016. Apolisi, omwe sukulu yawo ina ili pa Mtakataka pomwepa, ali ndi Blue Eagles. Silver Strikers ili pamsana pa Reserve Bank. M'matimu amenewa dongosolo lakale lija likadalipo: wosewera ndi wantchito, ndipo malipiro sadikira ndalama za pachipata.

Kuti Tigers sidafe ngati MDC United, n'chifukwa cha khama la anthu ochepa. Dzina lomwe aliyense wotsatira mpira amalidziwa ndi la a Robin Alufandika, omwe kwa zaka zambirimbiri akhala msana wa timuyi, nthawi zina ngati wapampando, nthawi zina ngati mkulu woona za luso, kawirikawiri ngati zonse pamodzi. Mu 2009 timuyi idadzidzimutsa anthu potenga chikho cha Presidential Cup, chomwe chidangoyambitsidwa kumene nthawi ya Bingu wa Mutharika. Ambiri adaganiza kuti Kambuku wadzuka.

Kenaka kudabwera dzina la Azam, la kampani ya Bakhresa ya ku Tanzania, yomwe idagula chigayo chachikulu cha Grain and Milling ku Limbe pomwe boma linkagulitsa makampani ake. Mwina tsoka la timuyi ndi lomwelo, kuti moyo wake umangozungulira pa chimanga ndi ufa. Azam Tigers idakhala zaka zingapo, thandizolo lidatha, ndipo timu idadzitcha Mighty Tigers. Liwu loti Mighty silidya ndalama, aliyense akhoza kulilemba pa jezi.

Pazaka zimenezi timuyi idapeza njira imodzi yopezera mchere: kusula osewera n'kugulitsa. Yamikani Chester, Peter Cholopi ndi goloboyi William Thole onse adadziwika atavala jezi ya Tigers asanapite ku Wanderers ndi kuitanidwa ku Flames. Ntchito yake ndi yotamandika, ndipo mpira wa dziko lino uli ndi ngongole kwa Akambukuwa. Koma alimi a ku Golomoti akudziwa bwino mathero a munthu wogulitsa chimanga chikadali chachiwisi m'munda. Ndalama imabwera msanga, nkhokwe n'kukhala yopanda kanthu. Chaka chilichonse mphunzitsi amayambanso ndi ana atsopano, ndipo akangoyamba kumvana, matimu a ndalama afika kale pakhomo.

Zotsatira zake zimaoneka pam'ndandanda. M'zaka za 2022, 2023 ndi 2024 nkhani ya Tigers sidali yolimbirana chikho, koma yowerengera mapointi otsala kuti ipulumuke.

Kodi wakufa amadzuka?

Pa mpira amadzuka, ndipo zitsanzo zili pafupi. Bullets idatenga ligi zaka zisanu n'ziwiri zotsatizana kuyambira 1999 mpaka 2005, ndipo mu 2004, ikutchedwa Bakili Bullets, idafika m'magulu a mpikisano wa CAF Champions League. Thandizo la a Bakili Muluzi litatha, timuyi idalowa m'chipululu. Osewera ankanyanyala kamba ka malipiro, makomiti ankasinthana ngati malaya, ndipo ligi sidaionenso mpaka 2014. Kampani ya fodya ya Nyasa Manufacturing itaitenga kukhala yake mu 2017, zinthu zidatembenuka. Idatenga ligi kasanu motsatizana kuyambira 2018, ndipo mu 2023, pansi pa mphunzitsi Kalisto Pasuwa wa ku Zimbabwe, idasesa zikho zonse zinayi za m'dziko muno.

Wanderers nayo idadikira zaka 11, kuchokera 2006 mpaka 2017, kuti ilawenso ukatswiri wa ligi, nthawiyo ikuthandizidwa ndi kampani yogulitsa galimoto ya ku Japan ya Be Forward. Kampaniyo itachoka, Manoma adatsala padzuwa mpaka mu 2021 pomwe timuyi idalembetsedwa ngati kampani, a Thom Mpinganjira n'kukhala mtsogoleri wake. Blue Eagles idatuluka mu ligi mu 2023, koma chaka chotsatira idatenga chikho cha FDH Bank ikusewera mu ligi yaing'ono, itagonjetsa Bullets pamapenate, n'kubwereranso mu ligi yaikulu.

Ochemerera Tigers omwe atsala amalimba mtima akamva nkhani zoterezi. Koma pali kusiyana komwe sikufunika kubisa. Wabizinesi yemwe adaika ndalama ku Bullets kapena ku Wanderers sankagula mbiri ya 1989 kapena zikho zochita dzimbiri m'kabati. Ankagula anthu. Ankagula mnyamata wa pa Mua amene amavala jezi yofiira popita kudimba, ndi mayi wa ku Mtakataka amene amamanga chitenje chabuluu timu yake ikapambana. Anthu amenewa adakhalabe ndi matimu awo m'zaka za njala, ndipo ndiwo adachititsa kuti matimuwo akhale ndi mtengo. Blue Eagles idadzuka chifukwa malipiro a apolisi sadaime. Tigers ilibe khamu la anthu, ilibenso boma kumbuyo kwake.

AFC Leopards ija, yomwe idawalanda chikho mu 1983, ikuphunzitsanso zomwezo. Nayo idagwa. Kuyambira 1998 mpaka 2025 sidatengenso ligi ya ku Kenya, ndipo pakatikati pa zaka za m'ma 2000 idafika potuluka mu ligi yaikulu. Koma sidafe, chifukwa ndi timu ya anthu a mtundu wa Abaluhya, omwe amaitcha Ingwe ndipo amadzadza bwalo ngakhale ikuluza. Akambuku awiri aja adakalamba mosiyana. Wina ali ndi abale omusamala, wina akudalira achifundo odutsa m'njira.

Ena amalotabe kuti tsiku lina ADMARC idzaitenganso timu yake. Malotowa ngovuta kuwamasulira. Mu 2022 nduna ya zamalimidwe ya nthawiyo, a Lobin Lowe, idalengeza kuti kampaniyi yayamba yatsekedwa kuti ikonzedwenso, ndipo antchito zikwizikwi adachotsedwa. Idatsegulidwanso ndi antchito ochepa, ndipo chaka ndi chaka nkhani yake imakhala yodikira ndalama za boma zogulira chimanga, nthawi zambiri mavenda atasesa kale m'midzi. Mlimi wa ku Bwanje atamva kuti ADMARC yapeza ndalama zogulira nsapato za mpira pomwe msika wa kwawo uli wotseka, sangaombe m'manja.

Pokwera Khwekhwerere

Yankho lina la funso la Tigers mwina lili pamwamba pa phiri. Mukakwera msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere kuchokera pa Golomoti n'kukatulukira pa Masasa, mwatsala pang'ono kufika pa boma la Dedza, kwawo kwa Dedza Dynamos, yomwe idalowa mu Super League mu 2022. Timuyi ilibe chikho cha ligi m'kabati, ilibe mbiri ya CECAFA. Chomwe ili nacho ndi dzina la boma lake ndi bwalo la Dedza Stadium, komwe anthu amabwera chifukwa timuyo ndi yawo. Bullets kapena Wanderers ikabwera, ngakhale a kunsi kuno amasonkherana ya galimoto kukwera phiri, ena mtima uli pawiri.

Sikuti ku Dedza zonse zili bwino. Nayonso yasinthapo mayina potsatira mwini thumba. Idatchedwapo dzina la Salima Sugar, kenaka la Premier Bet, ndipo madandaulo a ndalama samatha. Koma mayina a makampaniwo akachoka, liwu loti Dedza limatsala, ndipo liwu limenelo lili ndi anthu. ADMARC itachoka pa Tigers padatsala nyama ya m'nkhalango za ku Asia yomwe palibe Mmalawi adakumana nayo kuthengo.

Pamenepa mpomwe otsogolera Tigers ayenera kuganiza mofatsa. Mumzinda wa Blantyre mitima ya anthu idagawidwa kale pawiri, wofiira ndi wabuluu, ndipo pabweranso matimu atsopano a ndalama zawo monga Ekhaya. Kulimbirana ochemerera mumzinda umenewu kuli ngati kukafuna nkhuni pabwalo la sukulu. Pomwe maboma ambiri a m'dziko muno alibe timu mu ligi yaikulu, ndipo anthu ake ali ndi ludzu la mpira. Bwalo la Kamuzu litatsekedwa mu 2017, matimu a ku Blantyre adakakamizika kukasewerera ku Balaka, Mulanje ndi Nchalo, ndipo anthu a kumeneko adaonetsa kuti mpira amaufuna. Timu ya mbiri ngati Tigers itasankha boma limodzi, n'kukhazikika, n'kumatenga ana a m'sukulu za komweko, pakutha pa zaka khumi ikhoza kukhala ndi chomwe ADMARC sidaipatse.

Ena anganene kuti Kambuku wochoka ku Kanjedza si Kambukunso. Mfundoyo ili ndi mutu, ndipo madala omwe adaionera timuyi ikuthambitsa anzake pa Kamuzu Stadium ali ndi ufulu woikakamira. Funso n'lakuti madalawo atsala angati, ndipo pachipata amalipira angati.

Luso lokha ndiye silisowa kunsi kuno. Pabwalo lililonse la sukulu kuyambira ku Mua mpaka ku Golomoti, madzulo dzuwa likapepa, fumbi limakhala koboo. Ana amayamba ndi mpira wa mapepala a pulasitiki womanga ndi luzi, akakula n'kulowa m'matimu a m'midzi omwe amalimbirana mbuzi kapena jezi m'mabonanza. Vuto la mabonanzawa n'lakuti ambiri amabwera ndi andale, ndipo amachuluka chisankho chikayandikira, chikangotha n'kuzimirira. Ndi matenda omwe aja a thumba limodzi, kungoti apa thumbalo limatseguka kamodzi pazaka zisanu.

Ndalama nazo sikuti m'derali mulibiretu. Mpunga wa kusikimu ya Bwanje umafika m'misika ya ku Lilongwe. Pa Golomoti pali malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 omwe adayamba kugwira ntchito mu 2022. Alendo ochokera kunja amabwera ku Mua kudzaona nyumba ya chikhalidwe ya Kungoni yomwe bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976. Msewu wa M5 umadutsitsa nsomba, shuga ndi anthu usana ndi usiku. Koma palibe mwa zimenezi chomwe chidalumikizidwapo ndi mpira mokhazikika, ndipo mnyamata waluso wa kuno amayenera kukwera phiri kapena kupita ku Salima kuti wina amuone.

Malamulo a masiku ano nawo sakulolanso timu kuyenda mwa chisawawa ngati kale. Bungwe la FAM, lomwe a Fleetwood Haiya adasankhidwa kulitsogolera mu December 2023 kulowa m'malo mwa a Walter Nyamilandu, limafuna kuti timu iliyonse ya mu ligi yaikulu ikhale ndi chiphaso. Kuti ichipeze iyenera kuonetsa makontirakiti a osewera, mabuku a ndalama owunikidwa, aphunzitsi a mapepala, matimu a achisodzera ndi bwalo lomwe izisewererapo. Kwa timu yosauka zimenezi ndi katundu wolemera, ndipo chaka chilichonse pamakhala matimu opatsidwa masiku owonjezera kuti akwaniritse.

Koma mukaunika bwino mndandandawo, muona kuti ndi zinthu zomwezo zomwe Tigers idalibe tsiku lomwe ADMARC idalongedza katundu wake. Pazonsezo, chovuta kwambiri ndi bwalo. Bullets ndi Wanderers zomwe, ndi makamu awo onse, zakhala zaka zoposa 50 zikusewerera pabwalo la boma, ndipo mabwalo omwe boma la a Peter Mutharika lidayamba kuwamangira ku Zingwangwa ndi ku Soche adaima ntchito isanathe.